Kompyuta Yopeza Ana a Napolo

Kompyuta ija inafika pa Boma la Phalombe mu 2009. Anaikhazika m'kachipinda ka bungwe lina kuseri kwa msika, momwe kale munkagulitsidwa usipa. Fungo silinachoke. Anthu ankati n'chifukwa chake inali yochenjera chonchija, inkadya mitu ya nsomba.

Ntchito yake inali yofunafuna anthu amene anamwazika mu 1991, tsiku lomwe Napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi madzi, matope ndi miyala yonga nyumba. Pa intaneti panali tsamba lake lotchedwa Tipezane. Aliyense ankalembetsapo zimene akudziwa: uyu ndi mwana wa uje, anasowera pakuti, anavala zakuti. Ngakhale wa ku Joni ankatha kuwonjezera zake ali komweko. Tsono chinthucho sichinkangosunga mawu ngati kalaliki ayi. Chinkamva kuti "mwana wa" n'chiyani, "mng'ono wa" n'chiyani. Wina akaponya kachingwe uku, wina uko, icho chinkaluka chokha ngati mphasa. Kazitape wopanda pakamwa, inu.

Rozaria wa kwa Mkhumba anapitako chifukwa cha amayi ake, a Zelifa. Napolo anawatengera mng'ono wawo Ida. Mtembo wa Ida unapezeka, koma kamwana kake, Howard, ka zaka zitatu, sikanapezeke ngakhale chala. Mvula ikangogunda ku Michesi, a Zelifa ankasiya kudya.

"Kalembetse," anamuuza. "Mwina mafupa ake alipo amene anawaona."

Amene anamunyamula pa kabaza anali mwamuna wake yemwe, Hector. Ameneyu aliyense ankadziwa kuti ndi mwana wa Napolo. Analeredwa kwa Chiwalo ndi a Gertrude, omwe amuna awo anamutola m'matope. Pa chinkhoswe chake ndi Rozaria, ankhoswe anaseka n'kunena kuti munthu wopanda mtundu ndiye wabwino, angakwatire paliponse ngati tambala wa mlendo. Ana otoledwa nthawi imeneyo anali ambiri. Palibe amene anaganiza kawiri.

"Ukandipezerenso ine amalume olemera kumeneko," anatero Hector akumutsitsa. "Okhala ndi chigayo. Osauka usandibweretsere, ndili nawo kale apongozi."

"Iwe, bambo a Atikonda, pakamwa pako padzakuphetsa."

Woyang'anira kompyuta anali mayi wa ku Blantyre, a Princess, wa zikhadabo zofiira ngati wangopha nkhuku. Rozaria anakhala pa benchi, mwana wake Atikonda ali kumbuyo, n'kuyamba kufotokoza. Ida, mng'ono wa Zelifa, bere limodzi. Howard, mwana wa Ida. Ankakhala m'mphepete mwa mtsinje.

"China chomudziwira?"

Rozaria anaseka. "Amati anali woyendayenda. Mayi ake anamumanga belu la njinga kumwendo kuti azimumva komwe wapita."

A Princess anagogoda zikhadabo zija. Kompyuta inaganiza pang'ono, kenako pagalasi panatuluka mzere wobiriwira kuchoka pa dzina la Howard kukagwira dzina lina.

"Eee! Mwayi wanu, asisi! Mayi wina wa kwa Chiwalo analembetsa mwezi watha. Akuti analera mwana wotoledwa mumtsinje womwewo, ali ndi belu kumwendo. Taonani, yalumikiza yokha. Dzina lake pano ndi Hector. Mwapeza khazeni wanu!"

Rozaria anayang'ana panja. Hector anali pansi pa mtengo, akupopa tayala, akukangana ndi anzake za mpira.

A Princess sankadziwa chimene anena. Kuno mwana wa amalume ndiye msuweni, ndipo asuweni amakwatirana anthu n'kuvina. Koma mwana wa mng'ono wa mayi ako ndi mlongo wako basi. Mbumba imodzi, manda amodzi. Ameneyo sagona naye pamphasa.

"Fufutani," anatero Rozaria.

"Ndifufute? Anthu amalira ndi chimwemwe pa benchi imeneyo."

"Ndanama za belu. Fufutani."

A Princess anamuyang'ana, anayang'ana mwana kumbuyo kuja, ndipo zikhadabo zinasiya kuvina. Anafufuta mawu a Rozaria, mzere wobiriwira n'kuzimirira. Koma anamuuza poyera kuti tsambalo si lawo okha. Dzina la Howard lalowa kale, ndipo aliyense womudziwa akhoza kuwonjezerapo zake.

Pobwerera, Rozaria sanagwire m'chiuno mwa mwamuna wake monga ankachitira. Anagwira chitsulo cha kariyala.

"Amalume a chigayo aja bwanji?"

"Kulibe."

"Ngakhale a mbuzi imodzi?"

"Palasa njinga, Hector."

Kwa amayi ake anangoti makina sanapeze kanthu. A Zelifa anagwedeza mutu n'kubwerera kokasenda chinangwa.

Rozaria anaunyamula yekha mtolowo. Ankamuyang'ana Hector akusamba m'manja n'kuona kuti zala zake n'zopindika ngati za amayi ake. Anali asanazionepo chotero. Hector akamuyandikira, iye ankati mutu. Mawa lake ankati msana. Hector anafika pomufunsa ngati watsala ndi chiwalo chimene sichikupweteka, kuti ayambire pamenepo. Rozaria anaseka, kenako anatuluka kukasanza kuseri kwa khola.

Ankadziuza kuti belu si mwana. Njinga zinalipo zambiri mu 1991. Mwina amayi awiri openga mofanana anamanga ana awo mabelu.

Koma anthu a kuno, mukawapatsa malo oyankhulira aulere, mwawapatsa mowa. Mphunzitsi wina wopuma ntchito analowa pa tsamba lija, anaona dzina la Howard n'kulembetsa kuti belulo linali la njinga yake, Ida anachita kumubera. Mayi wina wa ku Limbe anawonjezera kuti ankalimva likulira m'chimanga m'mawa uliwonse. Mzere uja unabwerera, tsopano wonenepa. Pansi pake panali poti anthu avomereze ngati ndi yemweyo, ndipo anavomereza ndi mtima woyera, ena osamudziwa n'komwe Hector. Kompyuta nayo, poti waulesi si iyo, inapitiriza kuluka. Wina anali atalembetsa kale kuti Hector ndi mwamuna wa Rozaria, mwana wa Zelifa. Mizere iwiri inakumana pa dzina limodzi, pagalasi, tsiku la msika.

Nkhani inafika kwa Mkhumba pa kabaza, isanafike pa wailesi.

Rozaria akuchokera kudimba anapeza anthu pabwalo. Panali amalume ake a Jonasi, mwini mbumba, atakhala pa mpando chipewa chili pabondo. A Gertrude anali atabwera kuchokera kwa Chiwalo, atafumbata kanthu m'kansalu. Hector anakhala patali, chakunkhokwe, nkhope itayera ngati phulusa.

A Gertrude anamasula kansalu. Belu lake linali ladzimbiri, kachingwe ka mlaza kakadali pompo.

"Ine ndinkafuna mwanayu adziwe kwawo ndisanafe," anatero. "Ndalakwa, a Jonasi?"

A Jonasi anatembenukira kwa Rozaria. "Iwe unadziwa?"

"Mabelu ndi ambiri, amalume."

"Ndakufunsa za mabelu?"

"Tili ndi mwana," anatero Rozaria. "Tinadalitsa ku tchalitchi. Kompyuta imeneyo inalipo pamene tinkamanga nyumba? Idzabwera kudzalima? Hector, tayankhula! Tsiku lonse umalongolola, lero wameza lilime?"

Hector anangoyang'ana belu lija.

A Zelifa analitenga belulo, analiyesa ndi chala. Silinalire, linangoti khwe. Kenako anadzuka.

Tsono mudziwe kuti kuno mpongozi ndi mkamwini sayandikizana. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo chikwatirire Hector, a Zelifa anali asanamuyang'anepo m'maso. Tsiku limenelo anadutsa bwalo lonse anthu akuona, anagwada pafumbi, anamugwira Hector kumaso ndi manja onse awiri. Anamukweza mwendo wa buluku n'kusisita pakakolo, ngati chingwe chija chikadamuthina.

"Howard," anatero. "Mwana wa Ida. Wandichedwera, mwanawe. Lowa m'nyumba udye."

"Amayi!" anakuwa Rozaria. "Ameneyo ndi mwamuna wanga!"

A Zelifa sanacheuke. Anamudzutsa Hector ngati kamwana, ndipo iye anawatsatira, akuwerama pakhomo lomwe anali asanalowepo.

Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi, osatsanzika. A Jonasi anavala chipewa.

"Zovala zake uzimange," anamuuza Rozaria motsitsa mawu. "Ukazisiye kwa mayi ako. Mlongo wako azigona kumeneko mpaka tione pomumangira."

Atikonda anayamba kulira kumbuyo, akuloza chitseko chimene bambo ake analowa. Rozaria anamumasula, anamuika pabere, n'kukhala pansi pomwepo pabwalo.