Mchere mu Dzenje Lachitatu

Atangodutsa minda ya ku Palabana, kapikapu ka a Benedict Zimba kanayamba kutsokomola. Akaponda mafuta, injini inkagwedera, chiwongolero n'kumanjenjemera m'manja, kumbuyo kukuthetheka ngati chimanga m'chiwaya.

Tsikulo mwana wawo Clarissa ankalandira digiri ya uphunzitsi ku Chalimbana. A Benedict adayendetsa ansembe a pamishoni zaka makumi atatu, ndipo pa zaka zonsezo adaphonya ubatizo wa mwanayo, ukaristiya wake woyamba, ngakhale tsiku limene adagonekedwa m'chipatala. Dzulo lake Clarissa anali atawaimbira foni. "Batate, mailo nifuna nikuoneni na maso yanga. Osati kumvela chabe ati munali mu njila."

Pa kamtunda kakang'ono, kamene ngakhale njinga ya mkaka imakwera osatsika mwini wake, galimoto inalephera. Anaiimika pambali injini ikulirabe monyinyirika. Nthawi inali itadutsa kale naini koloko. Chowathandiza chinali chimodzi chokha: mayina amaitanidwa motsata zilembo, ndipo Zimba amakhala kuchitseko, kumapeto kwenikweni.

"Ni mafuta ya mu chigubu yaja," anatero a Benedict akuvula jekete. "Banasakaniza na palafini, bakawalala!"

M'galimotomo munalinso akazi awo, a Juliana. Anakhala chiwongokere pampando, chikwama atachikumbatira pamiyendo, milomo ikuyenda. Mayi amene amatsutsa ngakhale wolosera zanyengo pawailesi, lero anali duu. Koma munthu wothamanga saona zotere.

A Benedict anatsegula boneti. Anakweza kasefa ka mafuta, n'kuunika padzuwa: mafuta oyera bwinobwino. Wogulitsa mafuta uja anatukwanidwa ulele. Anatchera khutu. Injini ya masilinda anayi inkayenda ndi atatu, ngati ng'ombe yotsimphina. Anakulunga mpango kudzanja n'kuzula chingwe cha pulagi yoyamba. Injini inafuna kuzima. Ndiye kuti imeneyo inali yamoyo. Yachiwiri chimodzimodzi. Atagwira chachitatu, magetsi anawamenya mpaka m'chigongono, analumpha n'kutchula mawu osayenera munthu wa m'kwaya. Chingwe chinazuka, koma kalilidwe ka injini sikanasinthe. Wakufa anapezeka.

Minibasi inadutsa itadzaza mpaka pakhomo, n'kuwasiyira fumbi. Foni inalira m'thumba la jekete. Sanaiyankhe, akananena chiyani?

Anazimitsa injini n'kusuzumira m'dzenje la pulagiyo. Munali madzi, pulagi itamira mpaka m'khosi. Apa mtima wawo unagwa. Mwezi wa Okutobala, mvula yomaliza idagwa Isitala isanafike, madzi achokera kuti? Ngati gasiketi yapsa, ndiye basi, ulendo wathera pano pa tchire. Anayang'ana mafuta a injini: akuda, osasakanikirana ndi kanthu. Anaviika chala m'dzenjemo. Madzi a mu rediyeta yawo anali ofiira ndi dzimbiri, koma awa anali mbee. Analawa.

Mchere.

Munthu amene wakhala pamishoni zaka makumi atatu amadziwa madzi amene amathiridwa mchere: madzi odalitsidwa a kutchalitchi. Anazungulira pang'onopang'ono mpaka pawindo.

"Bamake Clarissa, tegulani chola."

A Juliana anatulutsa botolo la malita awiri, m'munsi mutatsala madzi pang'ono. Misozi inali italengeza kale.

"Ninayopa," anatero. "Motoka iyi inatifela pa Good Friday. Ba Father bamawaza chabe pamwamba pa boneti, manje ine ninati nithile mukati, pamutima pake penipeni. Sininafune mwana akusobeni futi."

Mkwiyo umene a Benedict anausonkhanitsa unasowa pogwera. Anachita manyazi, chifukwa mantha a mayiwo anali omwewo amene iwo sanagone nawo sabata yonse.

"Nipaseni chitenge," anatero basi.

A Juliana anamasula chitenge chawo chatsopano cha Amayi a Chikatolika osafunsa. A Benedict anapota nsonga yake, n'kumaviika m'dzenjemo, kufinya, kuviikanso, mpaka mouma. Anamasula pulagi ndi sipanala, anaipukuta, anapukutanso chingwe ndi m'kati mwa chivundikiro cha disitibyuta momwe munali chinyezi. Poibwezera, pulagi inakana kulowa kawiri konse. Atatembenuza kiyi, injini inatsokomola kamodzi, kenako anayi onse anayankha.

Pachipata cha Chalimbana anamva chimkuzamawu chikuitana kale mayina a a Tembo. Anathamanga, nkhalamba ziwiri, wina wopanda jekete, wina chitenge chili mawangamawanga. Anaima kumbuyo kwa tenti akupuma mwawefuwefu. Dzina litaitanidwa, Clarissa anakwera pansanja maso ali m'khamu, akufunafuna. Nthungululu ya a Juliana inamutembenuza. A Benedict anakweza manja onse awiri, akuda bii.

Mwambo utatha anaona Clarissa akubwera chothamanga. A Benedict anatambasulira akazi awo manja aja. "Thilani yamene yasala, fast."

A Juliana anathira mpaka dontho lomaliza, koma girisi samva madzi, ngakhale odalitsidwa. A Benedict anabisa manja kumbuyo.

"Nizakudetsa, mwana wanga."

Clarissa anawagwira manjawo n'kudzikulunga nawo yekha.

"Gauni ni yakuda kale, Batate. Nigwileni chabe."