Chaka Chimene Eneles Anaguba

Pa zaka zonse zimene Eneles anakhala ku migodi, chimene ankakonda kukamba atakalamba chinali cha 1958, nthawi ya Chitaganya, pamene mtengo wa kopa unagwa. Omumva ankadabwa, pakuti ndicho chaka chimene amuna ake, a Horace Chimbalanga, ntchito inawathera.

A Horace kwawo kunali ku Zomba, ku Nyasalande. Ali mnyamata anapita kunkhondo ndi asilikali a Keyala, ndipo atabwerako analowa ntchito ku Kitwe, yopereka nyali kwa amuna otsikira pansi. Ku usilikaliko anabwerako ndi khalidwe limodzi. Lipenga la mgodi likangolira mmawa, iwo ali kale panja: kutambasula manja, kunyonyomala, kudumpha, kuguba pamalo amodzi. Akatero ankasamba madzi ozizira, kumeta ndevu, kenaka kumwa phala. Zaka khumi ndi ziwiri sanajombepo.

Nyumba ya kukomboni inali ya kampani, motero ntchito itatha anayenera kutulukamo. Mwana wawo Muriel anali kusukulu ya mishoni kumudzi. Awiriwo anawalandira a Solomon, mkulu wa mpingo wawo, mmisiri wa matabwa, amene anawapatsa kachipinda kakuseri.

M'kachipindamo a Horace anasanduka munthu wina. Dzuwa linkawapeza ali m'bulangete. Ndevu zinamera, zaimvi mbali ina. Chakudya ankangochilawa, masana n'kumakakhala kuholo ya mowa, kumene kale sankapondako. Eneles anayesa kuwanyengerera, a Solomon anapemphera nawo, koma iwo ankangoti thupi alisamalire ndani poti palibe amene akulifuna.

Mmawa wina wa mu Juni, kukuzizira koti mano kugundana, Eneles anamanga chitenje zolimba natuluka. Anaima pakati pa bwalo n'kuyamba kuponya manja ndi miyendo monga ankaonera amuna ake. Annet, mayi wa Chibemba woyandikana nawo, anasiya tsache n'kumufunsa m'chinenero chake ngati wagwidwa mizimu. Eneles anangopitiriza. Mawa lake anachitanso, manyazi akumuwotcha kumaso. Tsiku lachitatu chitseko chinatseguka, a Horace ataima pakhomo, bulangete lili pamapewa.

"Amake Muriel, chimenechi n'chiyani?"

"Ndikuguba."

"Kumeneko si kuguba. Mukukhala ngati mukuponda dothi la njerwa."

"Nanga ndiphunzire kwa yani, eni ake ali gone?"

Anatuluka kuti angomusonyeza kamodzi. Asanafike patali mpweya unawathera, anagwira mawondo n'kumatsokomola. Anakhala choweramira kanthawi. Atadzuka anafunsa ngati m'ndowa muli madzi, ndiponso kumene Eneles anaika lezala.

Kuyambira pamenepo ankatuluka awiri. Amuna ena amene ntchito inawatheranso anayamba ndi kuonerera ali kumpanda akuseka. Kenaka mmodzi analowa, winanso, mpaka anakwana asanu ndi awiri, Abemba ndi Angoni a ku Fort Jameson. A Horace ankafuula "lefiti, raiti" ndi mawu amene Eneles anali atawaiwala. Akamaliza, onse ankatsikira kudambo la kufupi ndi mtsinje wa Kafue, kumene Eneles ndi Annet anali ndi kadimba ka repu, matimati ndi mbatata. Amunawo ndiwo ankatunga madzi m'zitini za palafini, aliyense n'kubwerera ndi kamtolo ka masamba. Nyama inali ya apo ndi apo, koma palibe anagona ndi njala.

Sikuti masiku onse anali abwino. A Horace akapita kukaima pamzere wa ofuna ntchito n'kubwerako chimanjamanja, ankangoti duu. Nthawi ina anatha mlungu wathunthu osatuluka. Eneles sanawanene. Ankangopita yekha kukaguba ndi amuna aja, iye n'kumawawerengera, mpaka eni ake anadzabwerera pamalo pawo.

Koma chimene Eneles ankachisunga mumtima chinali ulendo wochokera kudimba. Awiriwo ankatsalira m'mbuyo, mapazi ali matope, akukamba za kwawo: nkhungu ya paphiri la Zomba, madzi a Mulunguzi, tsiku limene anaonana koyamba pakhomo la tchalitchi. Zaka zonse za ntchito sanapezepo mpata woyenda limodzi chotero. Tsiku lina a Horace anamuthyolera duwa lakutchire, n'kuchita nalo manyazi okha, naliponya m'dengu la masamba ngati langogweramo.

Mvula ya chaka chotsatira ili pakati, kunamveka kuti nyumba ina yosungiramo katundu pafupi ndi njanji ku Ndola ikufuna kapitawo. Ofunsira anali ambiri, ena anyamata. Dokotala wopima ofunsirawo atawamvetsera a Horace pachifuwa anawafunsa kawiri zaka zawo, podabwa ndi thanzi lawo. Ntchito anaipeza, ndi nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi mpopi panja.

Ku Ndola anakhala bwino. A Horace sanasiye masewera awo, koma ankachita okha mofulumira, n'kukwera njinga. Dimba kunalibe, ndipo amuna aja anabalalika, ena kumudzi, ena kumigodi ina.

Tsiku limene ankasamuka ku Kitwe, a Solomon anafuna kubwereka lole, koma gulu lija linakana. Anasenza bedi, bokosi lamalata ndi mipando iwiri pamitu, n'kuguba nazo mpaka kusiteshoni, ana a m'njira akuwathamangira. Annet anafika mochedwa ali wefuwefu, napereka kudzera pawindo kansalu komangamo mbewu za repu. Sitima itanyamuka Eneles anayamba kulira mwakachetechete, ndipo analira mpaka machumuni a Kitwe anabisika kuseri kwa mitengo. A Horace anamugwira dzanja namuuza kuti alire ndithu, mavuto atha. Iye anangogwedeza mutu, osawauza chimene ankalirira.