Sukulu ya pa Sofa

Amuna anga atamva kuti pa intaneti pali mapodikasiti, mapulogalamu omvera ophunzitsa anthu mwaulere, anandiuza kuti sukulu zamakoma zatha ntchito. Anatha sabata yathunthu akusakasaka. Anapeza a zamalamulo, a zamagetsi, mpaka a ulimi wa njuchi, chonsecho tikukhala m'nyumba yosanja yopanda ngakhale duwa limodzi. Foni itadzaza, anafufuta zithunzi za ukwati wathu kuti njuchizo zipeze malo.

Tsiku lililonse akaweruka kuntchito, ankadziponya pa sofa n'kutseka makutu ndi mahedifoni. "Mayi a mwana, musandisokoneze, ndili m'kalasi." Pasanathe mphindi zisanu, kalasi yonse inkakhala ikuliza mkonono. Ankadzidzimuka pokhapokha zotsatsa malonda zikayamba, poti zimenezo zimabwera mokuwa. Zikatha, ankabwereranso kutulo.

Patatha miyezi itatu, soketi ya kukhitchini inayamba kuthetheka. Achimwene anga anali atabwera kudzacheza, ndiye ndinati lero tione zipatso za sukulu.

"Bambo a mwana, paja zamagetsi zija mwafika nazo patali. Tatiuzani, chavuta n'chiyani apa?"

Anaiyang'ana soketi ija kwa nthawi yaitali n'kukhosomola. Kenako anatifotokozera za matiresi ena ake ofewa osapweteketsa msana, mitundu yake, mpaka nambala yoimbira, osaphonya ngakhale liwu limodzi.

Achimwene ndi amene anakonza soketi ija. Ine ndinangoti, "Matiresiwo tigule ndithu, bambo. Munthu wolimbikira sukulu ngati inu asamavutike pa desiki yolimba."