Mayi Anaboola Okha Khoma

Alamu anga, amuna a chemwali wanga wamkulu, anthu anawapatsa dzina loti a Jeremani. Sikuti anapitako ayi, ndege amangoionera m'mwamba ngati tonsefe. Koma chida chilichonse chikalowa mu shedi yathu ya ukalipentala, iwo amayamba achitembenuza, n'kutsinzina diso limodzi, kuwerenga kumene chinapangidwa.

"Alamu," ankandiuza, "chida chili ngati mkazi. Usanatenge, umayamba wafunsa kwawo."

Choboolera changa chamagetsi chinali cha ku Tchaina, ndipo iwo ankachitcha chidole. Chawo cha ku Jeremani anachita kuitanitsa kudzera mwa msuweni wawo woyendetsa thiraki. Chitafika chinakhala miyezi itatu m'bokosi, ati fumbi la mu shedi lingachidwalitse chifuwa.

Anachitulutsa tsiku lomwe tinapita kukapachika makabati m'khitchini mwa mayi ena, namwino wopuma pantchito. Mayiwo anakhala pampando pafupi ndi sinki, magalasi ali pamphuno, akutiyang'ana ngati odwala amene akubisa matenda.

Alamu anatsegula bokosi pang'onopang'ono ngati muli mazira.

"Mayi, lero muona. Ichi chimangolowa chokha, khoma silimva n'komwe."

Anachikanikiza pakhoma. Kulira kokha chinalira bwino, sindinganame. Koma pakhoma panangotuwa. Anakanikizanso, mwendo wina ataponda chitseko, thukuta lili kamukamu. Bowo osaoneka.

"Khoma ili anamanga ndani?" anafunsa alamu akupumira m'mwamba.

"Malemu amuna anga," anayankha mayiwo.

"Pepani, koma anachulutsa simenti."

Atayesanso kachitatu anasiya za khoma n'kuyamba kuda magetsi. Ati akuno ndi owonda, chidachi kwawo chinazolowera magetsi onenepa. Ine vuto ndinali nditaliona kalekale, koma ndinangokhala duu. Miyezi yonse ija yonditukwanira chidole changa ndikanaiwala bwanji?

Mayi aja anadzuka. "Bambo, tandipatsani."

"Mayi, ichi si cha azimayi, chimakankha."

"Ndabereketsa anthu zaka makumi atatu, zokankha ndazionapo. Bweretsani."

Anachitembenuza kamodzi, osawerenga n'komwe kwawo kwake.

"Kabatani aka mwakakankhira kolakwika. Chikuzungulira chobwerera m'mbuyo. Nthawi yonseyi mwakhala mukumasula khoma langa."

Anakadina, n'kuloza pamene tinalemba ndi pensulo. Fumbi linangoti fwaa, bowo ilo.

Ndinaganiza kuti alamu agwa ndi manyazi. Ayi ndithu. Anatembenukira kwa ine nkhope ili ngwee.

"Mwaona, alamu? Ngakhale mayi okalamba chikuwamvera. Cha ku Tchaina chikanatero?"

Mtima unandiwawa. Ndinasolola changa m'thumba, n'kuboola mabowo anayi motsatizana, ndikuimba mluzu kuti amve bwino. Pa bowo lachisanu chinatsokomola, utsi n'kuyamba kutuluka, khitchini yonse kununkha mphira wopserera.

Alamu anaomba m'manja ngati timu yawo yagoletsa.

Mayi aja anachitenga ndi nsalu yopukutira mbale. Anaona tepi yemwe ndinakulunga pomwe chinang'aluka.

"Mwatseka timabowo tonse topumira. Munthu wa dziko lililonse mutamutseka mphuno ndi pakamwa, n'kumuthamangitsa, angafike kuti?"



Mabowo khumi otsalawo anaboola okha mayiwo ndi cha ku Jeremani chija. Ife ntchito yathu inali kugwirizira kabati m'mwamba, wina uku wina uku, iwo akutilamula kuti, "Kwezani pang'ono. Osati inu, enawo."

Titafika kunyumba, alamu anauza chemwali kuti ntchito yayenda bwino kwambiri. Ine sindinatsutse.

Patatha sabata, foni ya mu shedi inalira. Anali mayi ena oyandikana ndi namwino uja, nawonso akufuna makabati.

"Zoboola musavutike nazo, anzanga ati adzandiboolera," anatero. "Mungobwera awiri nomwe aja. Akuti pogwirizira pokha ndiye mumayesetsa."