Siponji ya m'Sikuta ya Subira

"Ikuliriranji ngati mbuzi ya chingwe pakhosi?" ndinawafunsa Che Simioni, makaniko wa kuseri kwa msika wa pa boma. Anali chogwada pambali pa sikuta ya Subira, manja ali bii ndi oyilo.

"Siikulira, mayi. Ikudandaula katundu."

"Katundu wake uti?"

Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi. Subira, mwana wa mchimwene wanga, anabisa nkhope, mapewa akugwedezeka.

"Seka, mwana iwe," ndinatero. "Thupi ili ndinalimanga ndi chambo chakale, osati tiusipa tanu ta masiku ano."

Sikutayo Subira anaigula kuti azipitira kuntchito ku Nkopola, komwe amaphika pa loji. Ndi zamakonozi, zopanda magiya: kungodina kabatani, kupotokola chogwirira, basi wapita. Akakhala yekha inkathamanga bwino. Koma Lamlungu lililonse ankandikweza ine kupita ku Nkope kukaona mnzanga wodwala, Abiti Hafiz, ndipo pamenepo ngakhale anyamata a kabaza ankatidutsa akuimba belu.

Ine sukulu ndinalekera sitandade 2, koma ntchito ndili nayo. Ndimasambitsa maliro a akazi. Pakamwa panga sipatseka, aliyense amadziwa, koma zomwe ndaona pamphasa ya maliro sizinatulukepo. N'chifukwa chake Abiti Hafiz ankandifuna. Madokotala a ku Blantyre anamuchotsa bere lakumanzere, iye n'kuuza mudzi wonse kuti chinali chithupsa cha m'khwapa. Ankadziwa ndi malemu mwamuna wake ndi ine basi. Pakhomo pomwepo pankakhala Shakila, mkazi wamng'ono wa malemuyo, ndipo awiriwo zaka makumi atatu sanabwerekanepo ngakhale mchere.

"Udzandisambitse ndiwe, Ajira," ankandiuza ulendo uliwonse. "Uja asadzandione. Angadzanene ku chigayo kuti bambo anandisiyira chimenechi."

Ndiye ndinkafuna sikuta yothamanga. Zoona zake ndi zimenezo, ngakhale kunyada kunalipo pang'ono.

Che Simioni anatsegula m'mbali mwa injini n'kutulutsa timagudumu tisanu ndi kamodzi, tangati mabatani a jekete. "Marola awa aphwa, taonani. Tiikamo opepukirapo, izinyamuka msanga ngakhale itanyamula thumba la chimanga." Apo anandiyang'ananso, ine ndinamuloza ndi ambulera. Anasintha lamba, anatsuka kabuleta, anaika pulagi yatsopano. Kenako anailiza, bokosi lakuda la m'mbali lili chotsegula.

Mayi wanga ine! Inabangula. Nkhuku za pamsika zinabalalika.

"Apo!" ndinakuwa. "Isiyeni choncho!"

"Ayi, mayi." Anatola siponji yachikasu, yonona ndi oyilo, n'kuibwezera m'bokosimo. "Iyi ndi mphuno yake. Mukaichotsa imameza mpweya wambiri, mafuta n'kuchepa, injini n'kutentha. Nanga fumbi lathu la kuno, lomwe ndi mchenga wokhawokha? Phokoso si mphamvu."

"Inu a mishoni mumaopa chilichonse."

"Timaopa mchenga," anatero, akumanga tizitsulo tinayi ta chivundikiro. Ndinatiwerenga.

M'mawa mwake, Subira ali kubafa, ndinatenga mpeni wanga wopalira nsomba. Tizitsulo tinayi tija sitinavute. Siponji ndinaiponya m'chimbudzi, chivundikiro n'kubwezera bwinobwino. Subira atailiza anadumpha.

"Azakhali, mwamva? Che Simioni aja ndi katswiri!"

"Ndi duwa yanga imeneyo, Mulungu wamva pemphero langa," ndinatero, ndikupukuta mpeni pachitenje.

Lamlungu limenelo tinadutsa kabaza aliyense, ine ndikuwabayibitsa. Nditamunong'oneza Abiti Hafiz zomwe ndinachita, anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Anali atawonda ngati bango. "Iwe sudzakula," anatero, atagwira dzanja langa. "Koma usachedwe."

Panapita milungu itatu. Unali mwezi wa Okotobala, dzuwa lija loti ngakhale abuluzi amabisala. Loweruka cha m'ma teni foni ya Subira inalira. Anamvetsera, n'kukhala pansi pakhonde.

"Inna lillahi. Azakhali, Abiti Hafiz atisiya m'mawa uno. Akuti aika ikangotha swala, pemphero la masana, chifukwa cha kutenthaku."

Ndinatenga kachikwama kanga ka sopo, thonje ndi kafuri wonunkhiritsa mtembo. Minibasi ya pa depoti imadikira kudzaza, ndiye sitinaiganizire n'komwe.

"Potokola, mwana iwe," ndinkatero tili pamsewu. "Potokola yonse!"

Anapotokola. Phula linkanyezimira ngati madzi. Mpaka pa Nkopola tinauluka, mpango wanga ukukupiza kumbuyo. Titangodutsa ma loji ndinamva kutentha kukukwera m'miyendo, ndi fungo ngati la poto wopserera. Injini inayamba kulira mwina, ngati muli timiyala. Kenako inangoti gwa! Tayala lakumbuyo linakhukhuluzika, Subira analimbana nayo mpaka tinakaima m'tchire, pafupi ndi mlambe.

Anadina kabatani. Tche. Anadinanso. Tche. Anaponda chopondera, osasuntha, ngati waponda mwala.

Anawaimbira Che Simioni, mawu n'kuwaika pokweza.

"Oyilo alimo?"

"Alimo, ndinaona dzulo."

"Chopondera chalimba? Ndiye kuti pisitoni yagwira. Koma zingatheke bwanji? Tatsegulani bokosi la mpweya lija."

Subira anatulutsa sikuludiraiva pansi pa mpando. Ine ndinayang'ana mlambe. Ndinawerenga zipatso zake, ndinafika pa zisanu ndi zinayi.

"Mulibe kanthu," anatero Subira. Analowetsa chala n'kuchitulutsa chili mbuu. "Muli mchenga wokhawokha. Che Simioni, munaiwala kubwezera siponji?"

"Ine? Mayi anuwo alipo? Afunseni amene anawerenga tizitsulo tanga ndi milomo."

Subira anadula foni. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangondiyang'ana ndi maso a bambo ake, maso omwe ankandiyang'ana nawo tili ana ndikaba mango a Shehe.

"Azakhali."

Ndinafunafuna nthabwala. Moyo wanga wonse ndikatsegula pakamwa imabwera yokha, ngakhale pamaliro, ngakhale kupolisi. Tsiku limenelo m'kamwa munali mouma ngati m'bokosi muja.

"Inkamveka bwino," ndinatero.

"Lolemba ndipita pa chiyani kuntchito?" Anapukuta chala pa siketi, n'kuyang'ana dzuwa. "Zisiyeni. Imani pamsewu. Ine nditsala ndi sikuta."

Minibasi yoyamba inadutsa yodzaza, kondakitala thako lili pawindo. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinavula mpango wapamwamba n'kumaukupiza pakati pa msewu ngati wamisala, mpaka inaima lole ya matumba a usipa wouma. Anandikweza kumbuyo anyamata awiri, wina kukoka, wina kukankha, ndipo palibe amene ndinamunena. Lole ija inkaima paliponse, kutsitsa thumba apa, kukangana apo. Ndili pamwamba pa usipa ndinamva azana yoitanira swala ya masana ikuchokera ku mzikiti wina wa m'mbali mwa msewu. Ndinatseka makutu ndi manja.

Kuchokera pamphambano kukafika m'mudzi ndinayenda wapansi, mawondo akulira. Nditatulukira pa mpanda wa Abiti Hafiz, amuna anali atanyamuka kale. Ndinangoona misana yawo kutali, makanzu oyera, jeneza lonyamulira mtembo likuyandama pamapewa kulowera kumanda, kumene ife akazi sitipita.

Amayi anali atakhala phee pamikeka. Ena anandiyang'ana, ena anayang'ana pansi. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Mphasa inali itayanikidwa pa mpanda, ikudontha. Mchenga wa pansi pake unali wakuda ndi madzi.

"Mwachedwa, Abiti Latif."

Anali Shakila, akunditchula ndi dzina la bambo anga. Anaima pakhomo la kuseri, manja a diresi lake atanyowa mpaka m'zigongono.

"Anamusambitsa ndani?" ndinafunsa, ngakhale ndinkaona.

"Tinakudikirani mpaka Shehe anatumiza mawu kachitatu."

"Munalipo angati?"

"Ndinawatulutsa onse. Wondipatsira madzi ndinamuimika kuseri kwa nsalu." Mawu ake anali okhakhala, osandiyang'ana. "Munthu tagona mpanda umodzi zaka zonsezi. Mumayesa sindinkaona mmene ankanyamulira ndowa?"

Anasuzumira uku ndi uku. Kenako anamasula mfundo ya chitenje chake, n'kundiika kanthu m'dzanja, n'kupinda zala zanga pamwamba pake ndi manja ake ozizira aja. Anabwerera m'nyumba.

Ndinatambasula dzanja. Kanali kampukutu ka nsanza kamene Abiti Hafiz ankaika pamalo pa bere lija, kozungulira ngati mpira, kotha mbali imodzi chifukwa chokhudzana ndi khungu. Kanali kakadali konyowa, kakununkhira sopo. Shakila anali atakachapa.