Kamphako pa Mzere wa Nepichuni

Katswiri wina wa zakuthambo anadikira zaka zitatu kuti telesikopu ya mumlengalenga imuyang'anire dziko la Nepichuni, ndipo itayang'ana zinangotenga mphindi makumi anayi. Zotsatira zinafika pa kompyuta yake Lachiwiri m'mawa.

Kuntchito ankamutchula kuti Adokotala Aang'ono, poti analipo Adokotala Aakulu, bambo wa imvi amene ankakhala nawo ofesi imodzi, pafupi ndi zenera lokanika kutseka. Ntchito yake inali kufufuza mipweya yokuta dziko lakutalilo, lalikulu komanso lozizira koopsa. Telesikopu imatola kuwala kumene maso saona, kuja timakumva pakhungu tikayandikira mbaula, n'kukugawa monga mvula igawira dzuwa kukhala utawaleza. Mpweya uliwonse umameza kagawo kakekake ka kuwalako, ndiye pa mzere wojambulidwa pa kompyuta pamatsala kamphako. Ukadziwa pamene pali kamphako, wadziwa mpweyawo.

Timphako ta mpweya wa metheni anatizindikira msanga, ngati nkhope za abale. Koma chakumanja kwa mzere kunali kena kachilendo. Anasanthula mabuku tsiku lonse, osapeza mwini wake.

Madzulo pakamwa panamuterera. Anauza amayi ake, amene ankakhala naye chimwalirireni abambo, kuti mwina waona mpweya umene sunaonekepo kumeneko. Anawapempha kuti asauze munthu. Pofika Lachinayi, telala wa pakona anamuimitsa pamsewu, tepi ili m'khosi, kumuyamikira kuti akuti watulukira dziko latsopano.

Tsiku lomwelo anaonetsa Adokotala Aakulu. Iwo anavula magalasi, n'kuyandikitsa nkhope pa kompyuta. Kenako anamufunsa ngati wayang'anako nyenyezi yoyezera, ija telesikopu imaloza pofuna kuona ngati makina ali bwino. Anali asanatsegule fayilo ya nyenyeziyo. Ataitsegula, kamphako kaja kanali pomwepo, pamalo omwewo. Nyenyezi yotentha ndi dziko lozizira sizikanafanana chotero. Chilemacho chinali cha makina.

Adokotala Aang'ono anaika manja onse pa tebulo.

"Inu mwachita mwayi, mwagwera m'nyumba," anatero Adokotala Aakulu. "Ine kanga ndinakanyamula mpaka ku msonkhano, nditavala suti yobwereka. Anandikonza ndi munthu wokhala mpando wakumbuyo, akudya bisiketi."

Adokotala Aang'ono anaseka.

Milungu itatu yotsatira anaithera kuchotsa zilema za makina pa mzere uja, kagawo ndi kagawo. Analembera akatswiri oyendetsa telesikopu, ndipo anamuyankha kuti magulu ena awiri anali atazunguzika ndi kamphako komweko osadziwa gwero lake. Mzere utayera, anatha kuyeza kuchuluka kwa metheni pakati pa dzikolo ndi chakumunsi kwake molondola kuposa mmene ankayembekezera. Atazilemba zonse, zinakwana masamba asanu ndi limodzi basi.

Chovuta chinali kuuza amayi. Anawapeza pakhonde Loweruka masana akusoka batani pa juzi, ndipo anawafotokozera zonse kuyambira pachiyambi.

"Ndiye kuti sunapeze kanthu, mwanawe?"

"Ndapeza, amayi, koma kakang'ono. Kokha n'koona."

Amayi anadula ulusi ndi mano. Anafunsa ngati munthu angapume kumeneko, iye nati ayi, angafe asanatsegule n'komwe pakamwa. Anafunsanso chifukwa chake akuvutikira malo oti sadzapondako. Anayankha kuti akufuna kudziwa basi, ndipo amayi anati abambo ake analinso otero, ankamasula wailesi yabwinobwino kuti aone chimene chikulankhula m'katimo.

"Za atelala zisiye, ndikakonza ndekha," anatero amayi. "Ndine ndinaotcha tchire."

Lolemba anayamba kulemba pempho lina, loti telesikopu idzayang'anenso Nepichuni kwa ola lathunthu. Adokotala Aakulu anawerenga tsamba loyamba, n'kumuuza kuti apemphe maola awiri, poti opereka nthawi ya telesikopu amakonda kudula pakati.