Boti Linabwerera M'mbuyo

Injini yakale ya m'boti langa la matanga inkamvera munthu mmodzi yekha, malemu mkazi wanga. Ankaitcha Nkhalamba, chifukwa inkayamba yatsokomola isanalire. Ankaipukusa ndi handulo, kuinyoza pang'ono, basi yalira. Iye atamwalira ndinalimbana nayo ndekha, mpaka tsiku lina inandizimira pakati pa madzi kulibe mphepo, asodzi n'kuchita kundikoka.

Mwana wanga wamkazi sanazungulire. "Bambo, musinthe injini. Apo ayi boti ligulitsidwe."

Ndinavomera, koma ndinanena chimodzi: Nkhalamba sipita kwa ogula zitsulo zakutha. Ipita kunyumba, pakhonde pomwe mayi ake ankakonda kukhala. Ndinaikhomera kale thandala la matabwa.

Ntchitoyo ndinagwira ndi mlamu wanga, mchimwene wa malemuyo, makaniko wa magalimoto. Tinamasula mabawuti, tinadula mapaipi ouma, tinaikweza ndi tcheni n'kuikhazika kumapeto kwa doko lamatabwa, kudikira galimoto yodzaitenga. Penti wofiira amene mkazi wanga anapaka pa chotsekera cha oilo anali akadalipo.

"Alamu, pakhondepo muzikacheza nayo zotani?"

"Sitizilankhula."

"Ndiye mwapezana," anatero akupukuta manja.

Injini yatsopano inali yaing'ono, yoyera, yoliza ndi kiyi. Koma pulopela, chitsulo chamapiko chija chimazungulira pansi pa madzi n'kumakankha boti, ndinakana kusintha. Mkazi wanga ankaipala chaka ndi chaka mpaka iziwala. Mlamu sanatsutse. Galimoto ilibe pulopela.

Tsiku loyesa, mwana wanga anabwera n'kuima padoko pambali pa Nkhalamba. Boti linali litaloza kumadzi, msana wake kudoko. Ndinapotoza kiyi, injini inalira kamodzin'kamodzi.

"Mwaonatu, Bambo? Popanda kutukwana!"

Mlamu anamasula chingwe n'kudumphira m'boti. Ndinaika giya yakutsogolo.

Boti linabwerera m'mbuyo.

Mutu sunagwire. Dzanja langa linkadziwa chinthu chimodzi, kuti ukafuna kuthawa doko umawonjezera moto. Ndinawonjezera.

"Alamu! Alamu, zimitsani!"

Msana wa boti unamenya mzati wa doko. Mzatiwo unathyoka, matabwa n'kupendekeka. Mwana wanga analumphira kumtunda. Nkhalamba inatsetsereka pang'onopang'ono ngati ikuganiza kaye, kenako khuvu!

Thovu linatumphuka. Kenako oilo anayamba kuyenderera pamwamba pa madzi.

Mwana wanga anagwira pamutu ndi manja onse awiri. Mlamu anakhala pansi m'boti kukamwa kuli yasa, sipanala ikadali m'thumba la malaya. Ine ndinkangoyang'ana dzanja langa pa giya. Inali yakutsogolo ndithu.

"Zikusemphana," mlamu anatero pamapeto pake. "Yatsopanoyi ikuzungulira mosiyana ndi yakale. Pulopela ija m'malo mokankha ikukoka. Mayo ine, mlongo wanga akanationa!"

Ndinavula nsapato. Ndinayamba kumasula mabatani a malaya.

Msodzi wina amene ankasoka ukonde pafupi anakuwa. "Achikulire, musayerekeze! Pamenepo m'pakuya, ndipo pansi pake ndi matope okhaokha. Anangula angati atsalira pamenepo!"

Ndinaponda m'mphepete mwa boti. Mwana wanga anatsika pa matabwa opendekekawo, sindikudziwa anatha bwanji, n'kundigwira lamba.

"Bambo, amayi ndinaika m'manda kale. Inu ayi. Osati chifukwa cha chitsulo."

Ndinakhala pansi.

Madzi anadekha, oilo uja anabalalika. Patapita nthawi mlamu anatsegula kabokosi ka zida kufuna chingwe china. Anatulutsa handulo ya Nkhalamba. Tinaiwala kuitsitsa. Pogwirira pake panali pokulungidwa ndi kansalu kamaluwa kamene mkazi wanga anang'amba ku diresi lake lakale kuti asamachite matuza.

Anandipatsa.

"Pulopelayo ichoke," anatero mwana wanga.

"Ichoke," ndinatero. "Koma ipita kunyumba."

Doko ndinakonza ndekha. Handulo ndi pulopela ndinaziika pakhonde, pa thandala lija. Thandalalo ndi lalikulu kwambiri. Sindinalichepetse.